Lilime, Mchere ndi BP: Zimene Ofufuza Apeza M'kamwa Mwathu

Tsiku lina m'chaka cha 1931, katswiri wa mankhwala pa kampani ya DuPont ku America, Arthur Fox, ankathira ufa woyera m'botolo, ndipo wina unauluka n'kumwazika m'chipindamo. Mnzake amene anali chapafupi, C. R. Noller, anayamba kudandaula kuti fumbilo likumuwawa m'kamwa. Fox anadabwa. Iye ndi amene anagwira botolo, fumbi lambiri linagwera iyeyo, koma sanamve kalikonse. Anatapa pang'ono n'kuika pa lilime, kuli zii. Noller atalawanso, nkhope yonse inachita tsinya. Ufawo unali umodzi, ndipo pa awiriwa panalibe amene ankanama.

Fox sanaisiye pomwepo nkhaniyi. Anayamba kulawitsa achibale ndi anzake, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho iye ndi wasayansi mnzake, Albert Blakeslee, anapita nawo ufawo ku msonkhano waukulu wa asayansi mumzinda wa New Orleans. Kumeneko anthu oposa 2,500 anaulawa. Ambiri anati ndi wowawa. Koma anthu pafupifupi 28 mwa 100 alionse sanamve chilichonse. Ufawo dzina lake ndi lalitali, amangoufupikitsa kuti PTC. Posakhalitsa zinadziwika kuti kumva kapena kusamva kuwawa kwake kumayenda kumtundu, mwana amatengera kwa makolo.

Nkhani ya Fox imaoneka yaing'ono, koma inatsegula kafukufuku amene lero akukhudza mmene madokotala amaganizira za matenda a BP, a shuga, ngakhalenso mankhwala a ana. Malangizo ambiri amene timalandira kuchipatala amadutsa pa lilime. Chepetsani mchere. Siyani shuga wambiri mu tiyi. Muzidya zamasamba. Mwanayu amalize mankhwala onse. Munthu amavomera pamaso pa adokotala ndi mtima wonse, koma akafika kunyumba lilime limakana, ndiye timamunena kuti ndi wosamva. Zimene ofufuza apeza pa zaka zoposa 90 zikusonyeza kuti mlandu umenewu timauweruza mofulumira. Mbali ina ya kakomedwe timabadwa nayo ndipo sitingaisinthe. Mbali ina, yaikulu ndithu, lilime limachita kuphunzira, ndipo likhoza kuphunzitsidwanso ngakhale munthu atakula.

Zimene lilime limamva

Pa lilime pali timatuza tating'onoting'ono, ndipo mkati mwa timatuzato muli timagulu ta maselo amene amalawa chakudya n'kutumiza uthenga ku ubongo. Maselo amenewa sakhalitsa. Amafa n'kulowedwa m'malo ndi ena pafupifupi milungu iwiri iliyonse. M'mabuku ena a sukulu mukadali chithunzi cha lilime logawidwa zigawo, kutsekemera kunsonga, kuwawa kumbuyo, kuwawasa m'mbali. Chithunzicho n'cholakwika. Chinachokera pa kafukufuku wa David Hänig wa ku Germany wa mu 1901, amene anapeza kusiyana kochepa chabe pakati pa zigawozo, koma anthu ena pomufotokozera anakukuza kusiyanako. Mu 1974, Virginia Collings anabwereza kuyesako n'kupeza kuti paliponse pamene pali maselo olawa, mitundu yonse ya kakomedwe imamveka.

Mitunduyo ndi isanu. Inayi timaidziwa tonse: kutsekemera, kuwawa, kuwawasa ndi mchere. Wachisanu anautulukira Kikunae Ikeda wa ku Tokyo mu 1908, pofufuza chimene chimakometsa msuzi wa ndere za m'nyanja umene anthu a ku Japan amaukonda. Anapeza kuti ndi chinthu chotchedwa glutamate, ndipo kakomedweko anakatcha umami. Asayansi a ku Ulaya ndi ku America anakayika kwa zaka zambiri, mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pamene tizipangizo tolandira kakomedwe kameneka tinapezeka pa lilime. Mayi aliyense wa kuno amakadziwa ngakhale sanamvepo dzina lake. Ndi kukoma kuja kumene kumabwera mu ndiwo mukathira matimati opsa bwino, usipa wouma kapena bowa. Glutamate amapezekanso wambiri mu mkaka wa m'mawere.

Zambiri zimene timati kukoma kwenikweni ndi fungo. Tikamatafuna, fungo la chakudya limakwera kudzera kukhosi n'kukafika m'mphuno chakumbuyo. N'chifukwa chake munthu wa chimfine amati nyama ndi nyemba zikungofanana. Mu 2020 anthu miyandamiyanda anaona okha zimenezi pamene Covid-19 inawatsekera fungo ndi kakomedwe, ena kwa milungu, ena kwa miyezi. Tsabola wa kambuzi ali payekha. Samveka ndi maselo olawa ayi, amakhudza minyewa imene ntchito yake ndi kuchenjeza thupi kuti likupsa. David Julius anatulukira zimenezi mu 1997, ndipo zinamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2021.

Mlonda wa pachipata

Kutsekemera konse, kaya n'kwa nzimbe, uchi kapena mango, lilime limakumva ndi kachipangizo ka mtundu umodzi. Koma za kuwawa tili ndi tizipangizo ta mitundu pafupifupi 25. Chifukwa chake n'chomveka. Zomera zambiri zimadziteteza ndi poizoni, poizoniyo ndi wamitundumitundu, ndipo wambiri amawawa. Kuwawa kuli ngati mlonda wa pachipata amene amaimitsa mlendo aliyense wokayikitsa asanalowe m'nyumba. Khanda la tsiku limodzi, limene silinaphunzitsidwe kalikonse, mukaliika kadontho kotsekemera pa lilime nkhope imamasuka ndipo limanyambita milomo. Mukaika kowawa limayasamula kukamwa, kutulutsa lilime n'kutembenuza mutu. Jacob Steiner wa ku Jerusalem anajambula nkhope zimenezi m'zaka za m'ma 1970.

Mu 2003, gulu la Dennis Drayna ku America linapeza jini imene inasiyanitsa Fox ndi Noller. Amaitchula kuti TAS2R38. Munthu amalandira mbali imodzi kwa mayi, ina kwa bambo, ndipo kutengera ndi zimene walandira, PTC amamuwawa kwambiri, pang'ono, kapena samumva n'komwe. PTC weniweniyo sapezeka m'chakudya, koma m'masamba a m'banja la kabichi, monga mpiru, repu ndi tchainizi, muli zinthu zofanana naye kapangidwe. Mu 2006, Mari Sandell ndi Paul Breslin analawitsa anthu masamba osiyanasiyana n'kupeza kuti amene ali ndi jini yomva kwambiri ankati masamba a m'banja limeneli ndi owawa kuposa mmene anzawo ankanenera, pamene pa masamba a mitundu ina magulu onse ankagwirizana. Ofufuza enanso apeza kuti pakati pa anthu a mu Africa jini imeneyi ili ndi mitundu yambiri kuposa kwina kulikonse.

Linda Bartoshuk, amene anali pa yunivesite ya Yale, anapitiriza nkhaniyi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Anapeza kuti pali anthu ena amene chilichonse chimawamvekera mwamphamvu: kuwawa, kutsekemera, tsabola, ngakhale mowa. Mwa anthu amene ankawayesa ku America, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali wotere, ndipo akazi ankachulukirapo.

Choncho mwana amene amakankha mbale ya mpiru pamene abale ake akunyambita zala, mwina sakuchita matama. N'kutheka kuti zimene zili m'kamwa mwake si zimene zili m'kamwa mwa enawo. Ndimamva chisoni ndikaganiza za ana amene akalipiridwa, ena kumenyedwa kumene, chifukwa cha chinthu chimene anachita kubadwa nacho. Komabe tisaikuze jiniyi mopitirira. Ofufuza atayesa kuona ngati anthu omva kuwawa kwambiri amadya masamba ochepa moyo wawo wonse, zotsatira zake zinali zosakanikirana, ena anapeza kusiyana, ena sanapeze. Chizolowezi cha pakhomo, kaphikidwe ndi zimene thumba lingakwanitse zimaphimba chibadwa nthawi zambiri. Anthu akuluakulu ambiri amafika pokonda luni, khofi ndi zina zowawa zimene ali ana ankazithawa.

Amayi a ku Nkhata Bay

Umboni wina wabwino kwambiri woti lilime limateteza moyo unachokera kwathu konkuno. Chinangwa chili ndi zinthu zimene zimatulutsa poizoni wa cyanide, mitundu ina pang'ono, ina wambiri. M'zaka za m'ma 1990, Linley Chiwona-Karltun, Mmalawi amene amagwira ntchito za kafukufuku ku Sweden, anacheza ndi alimi a ku Nkhata Bay pofuna kumvetsa chimene amalimira chinangwa chowawa chonsecho chozizira chilipo. Amayi anamufotokozera momveka. Chowawa mbala siingazule n'kumadya m'njira. Anyani ndi nguluwe amachisiya. Ana sangachimalize m'munda nthawi yake isanakwane. Kuti chidyeke pamafunika kusenda, kuviika m'madzi masiku angapo, kuyanika ndi kusinja, ndipo amene amagwira ntchito imeneyi ndi mayi, ndiye kuti chakudya cha pakhomo chimakhala m'manja mwake. Kwa mayi amene alibe mwamuna womulondera munda, kuwawako n'kumene kumamusungira kondowole.

Gulu la Chiwona-Karltun linachitanso chinthu china chimene chimandisangalatsa. Mlimi ankaluma kansonga ka muzu, n'kunena ngati ndi wowawa kapena wozizira, kenako muzu womwewo ankakauyeza ku labotale. Zimene lilime la mlimi linanena zinagwirizana kwambiri ndi zimene makina anapeza, ndipo mitundu yowawa inali ndi poizoni wowirikiza kangapo poyerekeza ndi yozizira. Ngozi imabwera njala ikafika povuta n'kuchititsa anthu kudumpha kuviika. Mu 1981, pa nthawi ya chilala m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu oposa 1,000, ambiri a iwo amayi ndi ana, anapuwala miyendo mwadzidzidzi. Dokotala wa ku Sweden, Hans Rosling, ndi anzake anapeza kuti gwero lake linali chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira. Matendawa amatchedwa konzo, ndipo amene wapuwala nawo sachira.

Mlonda yemweyo, kuwawa, amavutitsa pa mankhwala. Mankhwala ambiri ndi owawa, ndipo ana amamva kuwawa kuposa akuluakulu. Aliyense amene anakula nthawi ya chloroquine amakumbukira nkhondo yake: mwana atapanidwa pamiyendo pa mayi, wina atagwira manja, mphuno atatsina, supuni ikudikira pakamwa, mapeto ake theka la mankhwala lili pa chitenje. Pa malungo nkhondoyi inali ya masiku ochepa. Kwa mwana amene ali ndi kachilombo ka HIV inali ya m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse. Mankhwala amadzi a lopinavir ndi ritonavir, amene ana ang'onoang'ono ankapatsidwa kwa zaka zambiri, anali owawa koopsa, anali ndi mowa wambiri mkati mwake, komanso ankafunika kusungidwa mufiriji. Ana ankalavula kapena kusanza, ndipo mwana amene sakumwa mlingo wokwanira kachilombo kamachulukana m'thupi mwake. Mu 2021, Malawi anali m'gulu la mayiko asanu ndi limodzi oyambirira mu Africa kulandira piritsi la ana la dolutegravir, losungunuka m'madzi, lokoma ngati sitiroberi, lomwa kamodzi pa tsiku. Opanga mankhwala a malungo anachitanso chimodzimodzi mu 2009 potulutsa Coartem wa ana wosungunuka ndi wotsekemera. Kwa nthawi yaitali kakomedwe ka mankhwala kankatengedwa ngati nkhani yachibwana, chonsecho n'kamene kamachititsa kuti mankhwala alowe m'mimba kapena athere pansi.

Sukulu imayambira m'mimba

Julie Mennella wa ku Monell Chemical Senses Center, malo ofufuza za fungo ndi kakomedwe mumzinda wa Philadelphia, anafalitsa mu 2001 kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri. Amayi ena oyembekezera anapatsidwa madzi a kaloti kuti azimwa m'miyezi yomaliza ya pakati, ena anamwa atayamba kuyamwitsa, ena ankangomwa madzi wamba. Ana atafika poyamba phala, anawapatsa phala losakaniza ndi kaloti. Ana a amayi amene anamwa kaloti sankakwinya nkhope kwambiri poyerekeza ndi enawo. Fungo la zimene mayi amadya limalowa m'madzi amene mwana amakhalamo m'chiberekero, ndipo mwanayo amawameza. Limalowanso mu mkaka wa m'mawere.

Mu 2022, ofufuza a pa yunivesite ya Durham ku England anaona zimenezi ndi maso. Anajambula ndi makina a sikani ana a amayi 100 oyembekezera, pa milungu 32 ndi 36. Mayi akameza kapisozi wa ufa wa kaloti, nkhope ya mwana m'mimbamo nthawi zambiri inkaoneka ngati ikumwetulira. Akameza wa masamba owawirako a m'banja la kabichi otchedwa kale m'Chingerezi, nkhope inkaoneka ngati ikufuna kulira.

Mwana akabadwa sukuluyo imapitirira. Leann Birch, amene anathera moyo wake akufufuza kadyedwe ka ana, anasonyeza kuti mwana amafunika kulawa chakudya chachilendo maulendo ambiri, nthawi zina khumi kapena kuposa, asanachivomere. Makolo ambiri timagonja ulendo wachiwiri kapena wachitatu n'kulengeza kuti uyu nkhwani sadya. Birch anapezanso kuti kukakamiza kumawonjezera chidani, ndipo kunyengerera kuti ukamaliza masamba ndikugulira siwiti kumaphunzitsa mwana kuti masamba ndi chilango, siwiti ndiye chakudya chenicheni. Chimene chimathandiza ndi kumuikira pang'ono mobwerezabwereza, popanda mkangano, iye akuona akuluakulu akudya zomwezo. Kudyera mbale imodzi kumene tinakulira kunali ndi ubwino umenewu.

Pa shuga nkhani ndi yovutirapo. Ana padziko lonse amakonda kutsekemera kwambiri kuposa akuluakulu, ndipo zimenezi zimatsika okha akamatha msinkhu. Bungwe la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku, ndipo zikhoza kukhala bwino koposa atachepera theka la pamenepo, omwe ndi masupuni aang'ono pafupifupi asanu ndi imodzi. Botolo limodzi la chakumwa chozizilitsa kukhosi limapitirira mlingo umenewu, osawerengera wa mu tiyi, mu phala ndi mu thobwa. Ofufuza a ku Monell atayesa kuchepetsa shuga m'zakudya za anthu kwa miyezi itatu, mu kafukufuku amene anatuluka mu 2016, anthuwo anayamba kumva kutsekemera mwamphamvu kuposa kale, koma mlingo umene ankaukonda sunasinthe kwenikweni. Apa lilime ndi louma mutu. Pa mchere m'pamene pali nkhani yabwino.

Mchere wachepa

Thupi limafuna mchere, koma wochepa kwambiri. Makolo athu akale ankauvutikira, ena ankachita kusefa dothi la m'madambo kapena phulusa la zomera kuti apeze kothira m'ndiwo, ndipo lilime la munthu linazolowera kuusakasaka. Lero paketi yake ndi chimodzi mwa zinthu zotsika mtengo kwambiri mu golosale. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi kosasefukira, kuphatikiza wa m'ndiwo, wa mu buledi ndi wa m'zonse. Padziko lonse anthu amadya wopitirira kuwirikiza kawiri pamenepo. Mchere ukachuluka thupi limasunga madzi ambiri, magazi amakankha mitsempha mwamphamvu, ndipo zaka zikamapita mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo zimatopa. Kafukufuku wa dziko lonse amene unduna wa zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Ambiri amadzadziwa tsiku limene mkono ndi mwendo zafa, pakamwa papotoka.

Amene wauzidwa kuti achepetse mchere amadziwa mmene masiku oyamba amawawira. Ndiwo zimakhala zosukuluka, nsima siyenda, ndipo kumakhala kovuta kuti mayi aziphika miphika iwiri. Pakatha mlungu munthu amabwerera ku zakale. Chimene ambiri sauzidwa n'chakuti kusukulukako n'kwa kanthawi. Mu 1982, Mary Bertino, Gary Beauchamp ndi Karl Engelman anatsatira anthu amene anachepetsa mchere kwa miyezi isanu, n'kumawalawitsa supu ndi mabisiketi okhala ndi mchere wosiyanasiyana. Patatha miyezi iwiri kapena itatu, mlingo umene anthuwo ankati ndi wokoma unali utatsika. Chakudya chimene poyamba ankati chili bwinobwino anayamba kuchimva kuti chawawa mchere. Ndikanakonda namwino aliyense wa ku kiliniki ya BP akanamanena mawu amenewa kwa wodwala: pirirani miyezi iwiri kapena itatu, ndiwo zidzayambanso kukoma. Munthu amapirira bwino akadziwa kuti mavuto ake ali ndi polekezera.

Gulu lomwelo linapeza chinthu chinanso mu 1987. Anthu anawaphikira chakudya chochepa mchere kwambiri, koma n'kuwapatsa botolo la mchere kuti athire mmene akufunira. Anabwezeramo wosakwana gawo limodzi mwa magawo asanu a mchere umene unachotsedwa, ndipo anakhutira. Mchere wowaza pamwamba umagunda lilime mwachindunji, pamene wophikira mkati wambiri umamezedwa osamveka. Izi zikusiyana ndi zimene ambiri timakhulupirira, zoti mchere wowaza ndiye woipa, wophika ulibe vuto. Thupi silisiyanitsa. Limawerenga kuchuluka kwake basi.

Ngati kutsitsako kukuchitika pang'onopang'ono, lilime silizindikira n'komwe. Ku Sydney, mu kafukufuku wa mu 2003, anthu ankapatsidwa buledi amene mchere wake unkachepetsedwa pang'ono mlungu uliwonse kwa milungu isanu ndi umodzi, mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi linachoka, ndipo sanaone kusintha. Dziko la Britain linagwiritsa ntchito nzeru imeneyi pokambirana ndi makampani kuti azitsitsa mchere m'zakudya zawo mwakachetechete. Pakati pa 2003 ndi 2011, mchere umene munthu wa ku England ankadya pa tsiku unatsika kuchoka pa magalamu 9.5 kufika pa 8.1, ndipo pa zaka zomwezo imfa za sitiroko ndi matenda a mtima zinatsika ndi pafupifupi 40 pa 100 zilizonse, ngakhale kuti zinthu zina monga kuchepa kwa osuta fodya zinathandizaponso. South Africa inasankha njira ya lamulo. Kuyambira mu June 2016, buledi, masoseji, majarini, supu wa m'mapaketi ndi zakudya zina zili ndi malire a mchere amene kampani siyenera kupitirira. Abale athu amene ali ku Johannesburg akhala akudya buledi wochepa mchere kwa zaka zingapo tsopano, ndipo n'zokayikitsa ngati ambiri anazindikira.

Kwathu kuno zinthu n'zosiyana pang'ono. Ku Britain mchere wambiri umabwera kale uli m'zakudya za m'sitolo. Kuno wambiri umachoka m'dzanja la wophika. Zala zitatu zimatapa m'kambale, kuwaza mumphika, kuvundula, kulawa msuzi pachikhatho, kenako kutapanso. Lamulo la boma silingafike pamenepo, koma ubwino wake ndi woti banja lingathe kusankha lokha, lero lomwe, kuti dzanjalo lizitapa mocheperako mwezi uno, n'kuchepetsanso mwezi wamawa, mumphika umodzi wa onse. Ana amene akukula ndi mphika umenewo ndi amene apindule kwambiri, chifukwa khanda silibadwa likufuna mchere. Limayamba kuumva pakatha miyezi inayi kapena kuposerapo, ndipo mlingo umene lidzautche wokoma limautenga pa zimene likudyetsedwa.

Pali mchere wina umene sitiuwerengera. Soda amene timathira mu therere ndi m'masamba kuti afewe ali ndi sodiyamu, chinthu chomwecho chimene chimakweza BP mu mchere wamba. Zokometsera ndiwo za m'mapaketi ndi timabuloko ta supu mbali yake yaikulu ndi mchere, ndipo ambiri timathira zimenezi n'kuthiranso mchere pamwamba. Onjezanipo bakayawo, soya pisesi wokhala ndi zokometsera zake, tchipisi cha pachiwaya chimene wogulitsa amawaza mchere mosaumira, ndi tokhwasulakhwasula ta m'mapaketi timene ana amatenga popita kusukulu.

Ofufuza anafotokozanso chifukwa chimene masamba amakokera mchere wambiri. Mu 1997, Breslin ndi Beauchamp anasonyeza kuti mchere umaphimba kuwawa, ndipo kuwawa kukaphimbika kukoma kwina kumene kunabisika kumatulukira. Ndiye wophika mpiru akamawonjezera mchere, kwenikweni akulimbana ndi kuwawa. Nkhondo imeneyi ili ndi zida zina zimene zili kale m'khitchini mwathu. Kutendera ndi nsinjiro kumafewetsa kuwawa. Matimati, anyezi wokazinga bwino, bowa ndi nsomba zouma zopanda mchere zimabweretsa umami, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti msuzi wokhala ndi umami anthu amaukonda ngakhale mchere uli wochepa. Madzi a mandimu ndi tsabola pang'ono zimadzutsa ndiwo zimene zikanamveka zozizira.

Njira ina yayesedwa ku China, kumene anthu a kumidzi nawonso mchere wawo wambiri ndi wothira pophika. Bruce Neal ndi anzake anatenga midzi 600, anthu pafupifupi 21,000, ambiri a iwo oti anadwalapo sitiroko kapena achikulire a BP yokwera. Theka la midziyo linapatsidwa mchere wosakaniza, magawo atatu mchere wamba, gawo limodzi mchere wa potaziyamu, umene kakomedwe kake sikasiyana kwenikweni. Patatha zaka pafupifupi zisanu, zotsatira zimene zinatuluka mu 2021 zinasonyeza kuti sitiroko inachepa ndi 14 pa 100, ndipo imfa zinachepa ndi 12 pa 100. Mu 2025 WHO inavomereza kuti akuluakulu angathe kugwiritsa ntchito mchere wotere. Koma si wa aliyense. Munthu wa vuto la impso, kapena amene akumwa mankhwala ena osunga potaziyamu m'thupi, akhoza kuvulala nawo, choncho ndi wofunika kufunsa kaye kuchipatala. Ndipo mchere uliwonse umene banja likugwiritsa ntchito, wochepa womwewo, ukhale wa ayodini, chifukwa ayodini ndi amene amateteza ku chithokomiro komanso amathandiza ubongo wa mwana kukula.

Pamene chakudya chasiya kukoma

Gulu limene limaiwalika pa nkhani yonseyi ndi la anthu amene lilime lawo lazilala. Ukalamba umachepetsa fungo ndi kakomedwe, ndipo agogo akamati ndiwo zilibe mchere pamene ena onse akuti zili bwino, nthawi zambiri akunena zoona za m'kamwa mwawo. Vuto n'loti iwowo ndi amene BP imawavuta kwambiri. Fodya amafooketsa lilime. Kuchepa kwa zinki m'thupi, kumene n'kofala kuno, kumatero nakonso. Odwala khansa amene akulandira mankhwala amphamvu kapena kuwotchedwa ndi makina chakumutu ndi kukhosi amadandaula kuti nyama ikumveka ngati chitsulo, amasiya kudya, ndipo amaonda pa nthawi imene thupi likufunika mphamvu. Zilonda zoyera za m'kamwa, mano owola ndi kuuma kwa malovu zimasokonezanso kakomedwe, ndipo zimenezi n'zochizika.

Mankhwala ena amene anthu amamwa tsiku ndi tsiku amasintha kakomedwe. Captopril wa BP, metformin wa shuga ndi metronidazole ndi ena mwa odziwika bwino pa khalidwe limeneli. Wodwala akaona kuti chiyambireni mapiritsi m'kamwa mukuwawa ndipo nsima siikulowa, kawirikawiri sabwerera kukanena. Amaona ngati n'zochititsa manyazi kukadandaula za kukoma kwa chakudya pamzere wa anthu odwala kwambiri, ndiye amangosiya mankhwalawo mwakachetechete, kapena amawonjezera mchere ndi shuga kuti amveko kanthu. Dandaulo limeneli ndi loyenera kulitengera kwa adokotala monga mmene timatengera chizungulire kapena kutupa miyendo. Nthawi zambiri pamakhala mankhwala ena ogwira ntchito yomweyo amene angaperekedwe m'malo mwake, ndipo ngati palibe, wachipatala angathe kunena ngati vutolo litha lokha komanso kuti litenga nthawi yaitali bwanji.